Ndege Yopanda Mkokomo

M'masiku a nkhondo, Sapalo Epalanga anali sajeni pa kampu ya mizinga yoombera ndege, paphiri la miyala kufupi ndi tauni ya Cahama. Ankakhala m'galimoto yamdima, maso pagalasi la rada, makina oonetsa ndege zikadali kutali, ndipo ankanyadira kuti ndege ya adani inali isanamuzembepo.

Madzulo ena, mdima utangogwa, pagalasipo panaoneka kadontho kochokera kumwera, koyenda pang'onopang'ono, motsika kwambiri. Katafika pamwamba pa kampu kanazima. Alonda sanamve mkokomo uliwonse, koma agalu a abusa a ng'ombe anauwa chigwa chonse.

Kanabweranso mawa lake, ndi masiku otsatira. Amisiri anamasula makina, osapeza vuto. Asilikali anayamba kunong'onezana pakudya funji, nsima ya kumeneko, kuti ameneyo ndi Ndumbu, woyendetsa ndege wa mbali yawo yemwe anaulukira kumwera osabwerako.

"Akufa saoneka pa rada," anatero Tenente Kassoma, mkulu wa kampuyo. "Kakabwera lero tiombera."

Kanabweradi. Mizinga inatembenuka, zitsulo zake zikulira mumdima. Kenako wailesi inayamba kusokosa ngati mvula pamalata, ndipo m'kati mwa phokosolo munamveka mawu otopa, ochokera kutali.

"Apaphiri, mukundimva? Mafuta andithera. Sindikuona potera."

Sapalo anawadziwa mawuwo, poti ankamutsogolera Ndumbu pawailesi pobwerera kuchokera kunkhondo.

"Kamarada Tenente, uyu ndi wathu," ananong'ona.

"Adani amatha kuyeseza mawu, Sapalo. Mulozetse mzinga."

"Mundimange mawa, koma mwana wakwathu sindimuombera. Akungofuna kuwala."

Kuyatsa nyali paphiripo kunali kudziulula kwa adani, ndipo aliyense ankadziwa. Kadontho kankayandikirabe.

"Yatsani nyali za magalimoto onse," analamula Kassoma.

Sapalo anagwira wailesi. "Ndumbu, wafika m'bale wanga. Tera."

Mphepo yozizira inadutsa pakati pa mizinga, ikununkha mafuta opserera. Agalu anasiya kuuwa. Pagalasi panalibenso kanthu.

Kutacha, anapeza mizere itatu ya matayala pamsipu wonyowa ndi mame. Inayambira pakati pa udzu n'kuthera pomwepo, ndege palibe.

Kassoma sanamange munthu. Anafoletsa kampu yonse m'mbali mwa mizereyo, Sapalo patsogolo, ndipo onse anachita sailuti, kuyang'ana pamene matayalawo anaimira.