Mtsikana Amene Anafuna Mantha Enieni

Pakhomo pa mmisiri wina wa matabwa panali mtendere. Banjali linkapemphera limodzi m'mawa uliwonse, ndipo mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ankakhoza bwino kusukulu. Ankamutchula kuti Mafunso, poti kanthu sikankamudutsa osafunsa.

Tsiku lina msuweni wake, wokonza mafoni pamsika, anamuonetsa filimu ya chilombo chachikulu chikugumula mzinda. Chithunzi chinkagwedezeka ngati wojambulayo akuthawa. Chilombocho sichinkaoneka chonse: apa mwendo, apo mchira, kenako fumbi lokhalokha.

"Bwanji sakuchionetsa bwinobwino?" anafunsa Mafunso.

"Chinsinsi chake n'chomwecho," anatero msuweniyo. "Ukachiona chonse, umadziwa kuti n'chabodza. Koma kamera ikamanjenjemera, anthu akukuwa, mtima wako umadzipangira wokha chilombocho. Umangokhala ngati uli pomwepo."

Mafunso anakopeka. Filimuyo anaionera kasanu, akuimitsa apa ndi apo kuti apeze pamene mantha amayambira. Anaoneranso zina zambiri. Mabuku anayamba kugona m'chikwama.

"Mwanangu, maso sakhuta," anamuchenjeza amayi ake. "Ukawadyetsa zoopsa lero, mawa afuna zoposa pamenepo."

"Amayi, ndi sewero chabe. Palibe amavulala."

Posakhalitsa anafuna kujambula yakeyake. Anaba foni ya bambo ake pabenchi yopalira matabwa. Bambowo anaifunafuna mu utuchi tsiku lonse.

"Sunaione foni yanga?"

"Ayi, bambo."

Bodza loyambalo linamuvuta kunena. Lachiwiri linangotuluka lokha.

Anajomba kusukulu n'kusonkhanitsa anzake kuti azithawa iye akujambula. Koma anzakewo ankathamanga akuseka. Msuweni uja ataona, anapukusa mutu.

"Zachibwana izi. Mantha sayerekeza. Loweruka msika umadzaza. Ine ndikakuwa kuti moto, iwe ukajambule. Chilombo tidzachiikamo pakompyuta."

"Nanga wina akavulala?"

"Aa, iwenso! Kuthamanga pang'ono kunapha ndani?"

Loweruka masana Mafunso anaima pafupi ndi chipata cha msika, foni ili m'manja. Msuweniyo anayatsa tayala lakutha kuseri kwa mabenchi, utsi wakuda n'kukwera.

"Moto! Moto! Thawani!"

Anthu onse anakhamukira pachipata chopapatizacho. Matebulo anagubuduka, mazira anasweka, ana analira kufuna amayi awo. Mafunso anathamanga nawo, foni ikugwedezeka, mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Zinali ndendende ngati mufilimu! Patsogolo pake mayi wina anagwa, anthu n'kumamuponda. Mafunso anaona dzanja likutambasuka pakati pa miyendo. Sanaligwire. Anasendeza foni pafupi, nati mumtima, "Apa ndiye pokoma."

Atatuluka, anabisala kuseri kwa khoma kuti aonere zimene wajambula. Pofika pa mayi wogwa uja anaimitsa, kufuna kuona mmene nkhope ya munthu wamantha enieni imaonekera. Anakulitsa chithunzicho ndi zala.

Anali amayi ake. M'dzanja linalo anali atafumbata nsapato zatsopano za kusukulu zimene anabwera kudzamugulira.

Kuchipatala anati amayiwo athyoka fupa la m'chiuno. Msuweni uja anali atazimirira kale, shopu atakhoma. Mafunso anawapeza bambo ake atakhala pabenchi panja pa wodi. Anagwada n'kuwapatsa foni ija. Bambowo anaonera mpaka pamapeto, kenako anamufunsa:

"Unaona munthu atagwa, osamudzutsa?"

"Sindinadziwe kuti ndi amayi," analira Mafunso.

"Akanakhala amayi a mnzako, zikanakhala bwino?"

Tsiku lomwelo bambowo anaperekeza Mafunso kupolisi, ndipo mtsikanayo anaulula zonse, kuyambira pa foni. Anapepesa kwa ogulitsa pamsika mmodzimmodzi, ena akumulavulira malovu pansi. Chaka chimenecho mayeso sanalembe, anakhala akusamalira wodwala. Amayi ake anamukhululukira, Mulungunso anamva kulapa kwake, koma mpaka lero mayiwo amayenda ndi ndodo.

Ana inu, kufuna kudziwa zinthu si tchimo. Koma chidwi chikakufikitsani pa kuba ndi kunama, mpaka kuona kulira kwa mnzanu ngati chosangalatsa, bwererani msanga. Chikhululukiro chilipo, koma sichilumikiza fupa lililonse limene tchimo lathyola.