Makhadi Asanu a Bambo Kuwahara

M'nyumba ya achimwene anga a Celso, ku Higashi-Osaka m'dziko la Japan, munali mtendere. Kanyumbako kanali kothina, nsapato mbwee pakhomo, koma Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa tinkadyera pamodzi nsomba yophika ndi viniga, monga tinkachitira kwathu ku Batangas, ku Philippines. Achimwene anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa fakitale yaing'ono ya zitsulo ya bambo Kuwahara, ine ndikuthandiza mu ofesi momwemo. Mwana wawo Jomar atamaliza maphunziro a uinjiniya, a Celso anakawerama pamaso pa bwana kumupemphera ntchito, ndipo analembedwa kuti azifuna makasitomala.

Fakitale imeneyo inkayenda ndi dzina la bambo Kuwahara basi. Iwo akafuna kutumiza munthu kwa mnzawo wa bizinesi, ankatenga khadi lawo, kulembapo dzina la munthuyo, n'kudindapo chidindo chawo chofiira. Khadi lotero limatsegula chitseko chilichonse, chifukwa limanena kuti munthu uyu akalakwa ndalakwa ndine. Zaka zonsezo ine ndinaona atapereka atatu okha. Ndipo theka la zitsulo zathu ankagula ndi bambo Moriguchi, a kampani yopanga makina, amene anadziwana ndi bwana tsitsi lisanayambe kuyera.

Patangopita miyezi isanu Jomar analowa gulu la anthu akunja ogwira ntchito kuno, lokumana Loweruka masana pa hotela ina ku Umeda. Gululo silinali loipa ayi. Ambiri anali anthu olongosoka ofuna anzawo olankhula nawo momasuka. Koma linali ndi lamulo lakuti aliyense azitsegulira mnzake chitseko chimodzi mwezi uliwonse.

Tsiku lina anandipeza mu ofesi, mutu atagwira.

"Azakhali, ine zikundizunguza. Kuno miyezi isanu ndangonyamula chikwama cha bwana, kuwerama, kumwa tiyi, kuweramanso, kubwerera. Kugulu kuja tsiku limodzi ndadziwana ndi anthu makumi atatu, onse kundimenya paphewa. Ndiye olondola ndi ati?"



Mugulumo munali mkulu wina dzina lake Dario, wa suti zonyezimira, amene ankati ndi mlangizi wa zamalonda. Ameneyu anamukokera Jomar pambali, kapu ya mowa ili m'manja.

"Aise, ukhala wonyamula chikwama mpaka imvi? Anzako onse abweretsa zitseko, iwe umangobwera kudzadya nyama. Bwana wako amadziwana ndi Moriguchi, si choncho? Ndipezere kakhadi kamodzi. Ndi kapepala chabe, aise, sindikupempha impso."

Jomar anakapemphadi kwa bwana, ine ndikuthira tiyi.

"Munthuyo wamudziwa liti?" anafunsa bambo Kuwahara.

"Mwezi wathawu, bwana."

"Anakulonjezapo kanthu n'kukwaniritsa? Kumene amagwira ntchito unafikako?"

Jomar anaweramitsa mutu.

"Pakatha zaka ziwiri udzandiuzenso za iye," anatero bwana, n'kubwerera ku makina.

Lamulungu lake patebulo a Celso anamuchenjeza.

"Tamvera iwe. Dzina la bwana ndi limene lakuphunzitsa sukulu. Usaliyendetse m'mahotela ngati maswiti."

"Bambo, inu zaka zonsezi mwangowerama, mwapezapo chiyani? Msana wopindika basi."

Mayi ake anagwetsa supuni. Achimwene anangotsuka mbale yawo n'kutuluka panja.

Lachitatu lotsatira, nthawi ya nkhomaliro tonse titatuluka, Jomar anatsegula kabati ya bwana, natenga khadi, nalembapo dzina la Dario, nadindapo. Pobwerera ndinaona chala chake chili ndi inki yofiira. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana kudenga. Mtima unandiuza, koma ndinati mwina ndikuganiza mopitirira, mwina bwana amulola, mwina kaya. Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Kugulu anamuwombera m'manja. Anthu ena anayi anafunanso makhadi opita kwa anzawo ena a bwana, iye n'kudinda onse. Jomar anayamba kubwera kunyumba Loweruka madzulo akununkha mowa, Lamulungu osadzuka kupita ku Misa. Komatu sankaoneka wosangalala. Foni ikalira mu ofesi ankadzidzimuka ngati wapondedwa chala.

Dario anapita kwa bambo Moriguchi ndi khadi lija. Poona chidindo cha mnzawo wakale, iwo anamulandira bwino, mpaka kumuonetsa zojambula za chitsulo chatsopano chimene kampani yawo inkabisa. Dario anazijambula pafoni, n'kuzitumiza ku mafakitale ena kufunsa amene angapange motchipa. Sipanathe milungu itatu, zojambulazo zinabwerera kwa eni ake kudzera mwa anthu achilendo.

Foni inalira Lolemba m'mawa, oimbayo anali bambo Moriguchi. Bambo Kuwahara anamvetsera ataimirira, akuwerama ngati munthuyo ali pamaso pawo. Atamaliza sanakalipe. Anandituma kukagula bokosi la makeke, navala suti yakuda, nauza Jomar kuti, "Nyamula chikwama."

Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera Jomar yemwe. Bambo Moriguchi anaika khadi lija patebulo.

"A Kuwahara, zaka makumi atatu ndakhala ndikuona chidindo chanu. Inu mumachipendeketsa pang'ono, ngati chikuwerama. Ichi chaima chilili. Ndiuzeni, pali wina wakuberani?"

 Jomar anatsegula pakamwa kuti avomere, koma bwana anamugwira dzanja.

"Khadi ndi langa, chidindo ndi changa, ndipo aliyense wolowa mu ofesi yanga ndinamulemba ntchito ndine. Wolakwa ndine."

Kenako nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri inawerama mpaka chipumi kugunda patebulo, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Bambo Moriguchi sanakhudze makeke aja. Anati akuluakulu a kampani agamula kale kuti zitsulo azikagula kwina.

M'sitima pobwerera Jomar analephera kupirira.

"Bwana, mukanangonena kuti ndine! Bwenzi akukhululukirani."

"Iwe unkaganiza kuti chidindo chimanena chiyani?" anatero bwana, osamuyang'ana n'komwe.

Jomar anaimbira Dario. Yankho lake linali lakuti, "Aise, ine ndinangolandira khadi, za m'kabati mwa bwana wako sindikuzidziwa." Kachiwiri foni sinayankhidwe. Akuluakulu a gulu atamva anachotsa maina a onse awiri.

Mwa makina asanu a fakitale, atatu anazima mwezi womwewo. Ndiye m'mawa wina a Celso anafika atanyamula jekete lawo la ntchito, lochapa, losita, lopinda bwino, nalipereka kwa bwana ndi manja awiri.

"Celso, sindinakuchotse," anatero bambo Kuwahara. "Tenga jekete lako."

"Mwanayu ndinamubweretsa ndine, bwana. Ntchito yachepa, wina ayenera kuchoka. Asachoke amene sanalakwe."

Bwana anakana kawiri, achimwene anawerama katatu, n'kusiya jeketelo patebulo. Jomar anathamangira kwa ine misozi ili mbwembwembwe.

"Azakhali, kodi chikuchitika n'chiyani? Wakuba ndine! Nanga bwanji aliyense akulanda mlandu wanga? Andimenye, andithamangitse, andimangitse, koma asamachite zimenezi!"

Kalanga ine, ndinalira naye, pakuti nanenso sindinkamvetsa. Ndinangomuuza kuti akagwade kwa bambo ake ndi kwa Mulungu, ndipo ndinaulula kwa bwana za inki imene ndinaiona pachala.

Bambo Kuwahara sanamuchotse Jomar. Anamulanda chikwama, kumupatsa tsache, n'kumuuza chinthu chimodzi chokha: "Makhadi anayi otsalawo, ndiwafuna." Jomar anayenda khomo ndi khomo, akuwerama, akuulula kwa anthu amene ankamuwombera m'manja kuti iye ndi wakuba. Atatu anawapeza. Mwini wa lotsalalo anali atasamuka, ndipo palibe amene ankadziwa kumene anapita kapena amene anamusiyira khadilo.

Achimwene anga, mmisiri wa zitsulo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, lero amalongedza mpunga m'mabokosi a chakudya, atavala kachipewa ka pulasitiki. Jomar anasiya mowa, ndipo ku Misa amakhala benchi lakumbuyo. Bambo ake anamukhululukira, koma chikhululukiro sichinayatse makina atatu aja.

Achinyamata, ndikunena poyera: kutenga dzina la munthu popanda chilolezo chake ndi kuba, ngakhale litalembedwa pa kapepala kakang'ono. Lamulo lija lakuti usabe silinasiye kunja maina a anthu. Ndipo wolipira si iwe wekha ayi, amalipira ndi amene anakuimirira. Mnzako wa mwezi umodzi akakufulumizitsa kuchita chimene bambo ako akuletsa, thawa.

Papita zaka ziwiri tsopano, khadi lija likadali m'thumba la munthu amene sitimudziwa, chidindo chofiira chili pomwepo. Foni ikalira mu ofesi, Jomar amaimitsa tsache, bambo Kuwahara amavula magalasi, ndipo ine ndimayamba ndapemphera ndisanainyamule.