Kabowo ka Khala pa Diresi la Dona

Amene adakhalako mu lokeshoni ya Harare m'zaka za Chitaganya sangaiwale nyumba ya a Yosiya. Inali ya zipinda ziwiri ngati zinzake zonse za manisipala, koma pakhomo akazi awo, mayi Febbie, adabzalapo maungu ndi mtengo wa mapichesi. Lamulungu lililonse Anyasa akatuluka m'tchalitchi ankapatukira pomwepo kudzamwa tiyi ndi kuwerengerana makalata ochokera ku Dedza. Ha, masiku amenewo! M'mawa msewu wonse unkangolira mabelu a njinga, ndipo ukapereka moni wa kwathu ankayankha anthu atatu nthawi imodzi.

A Yosiya anali telala pa sitolo yaikulu ya m'tauni ya Salisbury, ya nsanjika zitatu, yogulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka bedi. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumbuyo, kufupikitsa mathalauza ndi kubweza m'chiuno madiresi a madona. Adakhalamo zaka makumi awiri ndi ziwiri osasowetsa ngakhale batani. Nyumba ija adaipeza chifukwa cha ntchitoyo, pakuti nthawi imeneyo nyumba ya mu lokeshoni inkayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha nyumba yathanso, ndipo mlendo wa ku Nyasalandi ankayamba kumanga mitolo.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Yoramu. Atamaliza Sitandade Sikisi, bambo ake adavala jekete la kutchalitchi n'kupita naye kwa bwana manijala wa sitoloyo.

"Ndi mwana wako, Yosiya? Ndiye sindifunsanso zambiri," adatero bwanayo.

Yoramu adayamba ndi njinga ya dengu, kuperekera katundu ku Southerton ndi ku Waterfalls. Mutu unalipo, tisamunamizire. Pasanathe zaka ziwiri adamulowetsa mosungira katundu, ndipo adadziwa shelefu iliyonse ngati m'thumba mwake. Adaphunzira kuti katundu wakale amaikidwa kutsogolo, kuti wogula samuloza ndi chala, kuti nsapato umayamba kuonetsa zodula. Kenaka adampatsa ntchito yoveka zidole za pawindo, ndi makiyi a zipinda za kumbuyo.

Tsiku lina bwana manijala adamuitana. "Zinthu zikusintha, Yoramu. Anthu akuda ayamba kugulira m'kati, osati pa kazenera ka kumbali kaja. Ndikufuna kapitawo woyang'anira gawo lonse la zovala za amuna, ndi anthu asanu ndi mmodzi pansi pake. Ukapitiriza chonchi, mpando umenewo ndi wako."

Madzulo ake mayi Febbie adapha nkhuku. A Yosiya adapemphera pemphero lalitali mpaka ndiwo zidazizira, ndipo palibe adadandaula.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Amalonda ake anali Lawson, mnyamata woimba lipenga mu bandi, wokhala ku nyumba za mbeta zija. Ntchito yake yeniyeni palibe ankaidziwa, koma tsitsi lake linkang'anima mpaka ntchentche kuterereka.

"Shamwari," adatero Lawson Loweruka lina, "iwe umandimvetsa chisoni. Sabata yonse ukuveka zidole masuti a ku Mangalande, mwini wakewe uli m'jekete la mudhara wako, bambo akowo, lobweza mapewa. Sitolo mutseka nthawi yanji lero?"

"Wani koloko."

"Kutsegula?"

"Lolemba m'mawa."

"Nanga pakati ponsepo suti ija ikumuthandiza ndani? Chidole sichivina, chidole sichifunsira. Si kuba ayi, ndi kubwereka. Lolemba yabwerera pamalo pake."

Yoramu adaseka n'kukana. Loweruka lotsatira adakana osaseka. Loweruka lachitatu lake adatuluka pa khomo la kumbuyo ndi phukusi la pepala lofiirira, ndipo mlonda adamuchitira sawasha, poti mwana wa a Yosiya ndani angamusechere?

Adakavalira kwa Lawson. Atalowa mu holo ya dansi masana amenewo, ali mu suti yotuwa, atsikana adasiya makapu a tiyi. Mantha analipo, koma kukoma kwake kudaposa manthawo. Lolemba suti idabwerera pa chidole, ndipo dziko silidagwe. Kuyambira pamenepo idasanduka ntchito ya sabata ndi sabata. Adaphunzira kubisa kapepala ka mtengo m'kati mwa mkono, ndi kuyanika suti pamphepo kuti fungo la utsi wa mu lokeshoni lichoke. Kutchalitchi adayamba kumveka mutu Lamulungu lililonse.

Mayi ake ndiwo adayamba. "Yoramu, mutu wakowu umadziwa bwanji kalendala? Lolemba mpaka Loweruka uli bwino. Anzako akewa ndi a kuti, oti sabwera pakhomo kudzapereka moni?"

"Amayi, inu za m'tauni simungazimvetse."

"Ndidafika m'tauni muno iwe uli kumsana. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe."

Bambo ake adadikira mpaka tsiku lina akukankha njinga limodzi pobwera ku ntchito.

"Ndaliona thalauza lili pa chidole cha pakona," adatero a Yosiya, maso ali kutsogolo. "Latukuka m'mawondo. Ine ndasoka zaka zambiri, koma sindidaonepo chidole chopinda mawondo."

"Kapena wina adaliyesa, bambo."

"Kapena. Koma umve, mwana wanga. Kubwereka kosapempha dzina lake ndi kuba. Makiyi ali m'thumba mwakowo adakupatsa chifukwa cha dzina langa, lako usanalipange. Usandivule pagulu."

Yoramu adalumbira kuti sadziwa kanthu, ndipo adasiya masabata awiri. Akadasiyiratu bwenzi nkhani ino palibe. Koma ku holo kuja kunali Dolly, mtsikana woseka ndi maso, amene ankakhulupirira kuti masuti onse aja ndi a Yoramu.

"Loweruka kuli mpikisano wa kutchena," adatero Dolly. "Bwana wamkulu wa sitolo yonse, chibwenzi chake n'kukaima pagulu ndi diresi la kusalaula, lovalidwa kale ndi ena? Ukandikonda undionetse. Apo ayi, alipo ena akundifuna."

Madiresi a pawindo onse adamukulira Dolly. Lomukwana linali limodzi lokha, ndipo silinali la pawindo. Linali la silika, lobiriwira ngati thambo, logulidwa kale ndi dona wina wa ku Waterfalls kuti akavale pa ukwati wa mwana wake. A Yosiya anali atangomaliza kulibweza m'chiuno, n'kulipachika m'kachipinda kawo kudikira mwini wake Lolemba. Kiyi wa kachipindako anali pa mkombero womwewo wa Yoramu.

Dolly adapambana mpikisano, anthu adaimba m'manja mpaka kuwawa. Lamulungu masana, anzake ali m'tchalitchi, Yoramu anali kwa Lawson kusita diresilo ndi simbi ya makala kuti makwinya achoke. Adaikupiza simbiyo kuti moto uyake, n'kuitsitsa. Kakhala kamodzi kadathawira pa kabowo ka m'mbali n'kugwera pa silika. Adakaphwatula ndi dzanja, koma kanali katadya kale. Padatsala kabowo ngati njere ya chimanga, kakuda m'mphepete, kutsogolo kwenikweni.

"Usadandaule, shamwari," adatero Lawson akupukuta lipenga lake. "Ukalipachike pomwe udalipeza. Za mawa zidziwa zokha."

Lolemba a Yosiya adalitsitsa diresi lija kuti alikulunge, ndipo adakaona kabowoko. Adalinunkhiza. Kenaka adalinyamula okha kupita nalo ku ofesi, dona asanafike.

Chingerezi cha a Yosiya chinali cha singano ndi ulusi basi, choncho nkhani ikakula bwana manijala ankaitana womasulira. Adaitana Yoramu.

"Uwafunse bambo ako," adatero bwanayo. "Simbi yathu ndi yamagetsi. Kabowo aka n'ka khala. Ndiye kuti diresi ili lidatuluka m'sitolo muno. Adalitulutsa ndani?"

Yoramu adamasulira. A Yosiya adamuyang'ana mwana wawo. Sanali maso aukali ayi, anali maso odikira. Yoramu adayang'ana pansi.

"Uwauze bwana," adatero a Yosiya potsiriza, "kuti diresili linali m'manja mwanga. Ena sindiwatchula."

Yoramu adamasulira zimenezo. Adamasuliranso yankho la bwanayo, liwu ndi liwu: kuti bwana wakhumudwa, kuti chifukwa cha zaka makumi awiri ndi ziwiri saitana apolisi, koma kuti a Yosiya atenge lumo lawo azipita lero lomwe. Mwana adawachotsa ntchito bambo ake ndi pakamwa pake.

A Yosiya atatuluka, bwanayo adamugwira Yoramu paphewa. "Usachite manyazi. Mlandu wa bambo ako si wako. Mwezi ukayamba, ndiwe kapitawo."

Kalata ya manisipala yowatulutsa m'nyumba sidachedwe. Anyasa a kutchalitchi adabwera kudzathandiza kumanga katundu, akulankhula monong'ona ngati pamaliro. Ena ankati mkulu wa mpingo wagwa, ena ankati sizingatheke. A Yosiya sadadziteteze kwa aliyense.

Mayi Febbie ndiwo adalephera kupirira. Adamupeza Yoramu kuseri kwa nyumba. "Ulibe mawu? Bambo ako akuyenda chozyolika mu lokeshoni muno, iwe ulibe mawu? Ndidakuyamwitsa ine, ndikudziwa ukamabisa kanthu."

"Amayi, ndikanena ndiye tonse tataya. Bola mmodzi atsale pa ntchito."

"Ndiye ukuti mwatsala mmodzi? Ine ndikuona kuti ndataya awiri."

Ku siteshoni kudadzaza anthu operekeza a Yosiya ndi mayi Febbie pobwerera kwawo ku Dedza. Amayi a chigwirizano adaimba nyimbo, ena adapatsira makalata ndi timaphukusi ta shuga topita kwa abale. Sitima itatsala pang'ono kunyamuka, a Yosiya adatulutsa mutu pazenera n'kumukodola Yoramu.

"Ndidadikira kuti ulankhule wekha, mu ofesi muja," adatero motsitsa mawu. "Sudalankhule, ndiye ndidakusenzera. Kwa mzungu ndatha kukusenzera, mwana wanga. Kwa Mulungu sindingathe."

Sitima idalira n'kumapita.

Yoramu adakhala kapitawo. Adampatsa tayi ya sitolo ndi katebulo kake, anthu asanu ndi mmodzi akumuti bwana. Chimene adachilakalaka zaka zonse chidafika, koma sichidakome. Akamadutsa pa kachipinda ka kumbuyo ankamva makina akulira, n'kutembenuka, n'kupeza ndi Lourenço, telala watsopano wa ku Beira.

Loweruka lachitatu Lawson adamudikira pakona. "Makorokoto, zakuyendera, kapitawo! Mudhara wako ndi munthu, wakufera. Tsopano makiyi onse ndi ako. Dolly akuti kuli mpikisano wina, ndipo inenso jekete langa latha."

Yoramu adamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Mawu oti "wakufera" adamulasa mumtima, ndipo adalira pomwepo pamsewu, munthu wamkulu wovala tayi. Lolemba adalowa mu ofesi, adaika makiyi patebulo, n'kuulula zonse, kuyambira suti yotuwa ija mpaka khala.

Bwana manijala adamufunsa. "Ndipo udaima pano, n'kumasulira?"

"Inde, bwana. Ine mundichite chilichonse. Koma bambo anga muwaitane abwerere."

"Abwerere kuti? Telala ndalemba kale wina. Nyumba yawo manisipala apereka kwa banja lina. Ukadanena tsiku lija, bwenzi nditataya munthu mmodzi. Vula tayiyo."

Mbiri m'masitolo a m'tauni inkayenda msanga kuposa njinga. Palibe sitolo idamulembanso Yoramu, ngakhale yosesa pakhonde. Dolly adamudutsa pamsika ngati sadamuonepo, Lawson adapeza shamwari wina. Mnyamata amene akadayendetsa gawo lonse la sitolo adakathera ku Workington, kusenza matumba m'madepoti mpaka msana udapindika.

Adalemba kalata ku Dedza, ya masamba anayi, ndipo adakaiwerenganso yekha pamaso pa mpingo kuti dzina la bambo ake liyere. Yankho lidabwera patapita miyezi iwiri. A Yosiya adati adamukhululukira kale sitima isanafike pa siteshoni ya Dondo, ndipo tsopano agona tulo poti mwana wawo wapezeka. Adatinso maso ayamba kuchita mdima, singano sakuionanso. Sadaonanenso pansi pano, pakuti mvula yachiwiri isanagwe a Yosiya adamwalira.

Ana inu amene mukuyamba ntchito, ndipo wina wakudalirani n'kukupatsani makiyi, imvani. Chinthu cha mwini musachitenge osapempha, ngakhale mutati mubweza mawa, pakuti tchimo limayamba ndi dzina lofatsa. Ndipo mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, mlandu usanagwere wosalakwa. Mulungu amalandira wolapa ngakhale atachedwa, koma zimene kuchedwako kwawononga sizibwerera. Yoramu adakhululukidwa, koma bambo ake adafera kutali, ndipo iye sadapeze ngakhale ya sitima yoti akawaike.