Mchombo wa Tionge m'Simenti

Lemmy Luse ankaumba mabuloko a nyumba za anthu ena, koma mwini wake ankagona m'chipinda chimodzi cha lendi mu komboni ya George ku Lusaka, momwe madzi a mvula ankalowa osaodira. Mkazi wake Ennie ankagulitsa tomato ndi kapenta pafupi ndi kiyosiki ya madzi. Anali ndi mwana mmodzi, Tionge, kamtsikana kosayamba sukulu, kamene kankasekerera aliyense, ndi landilodi yemwe.

Umphawi wokha Lemmy akanaupirira. Chimene chinkamudya m'mtima anali Sydney Chansa, mnzake amene kale ankakankha naye wilibala imodzi. Tsiku lina Sydney anavala malaya oyera n'kudzitcha ejenti wa mapuloti. Nthawi imeneyo Lusaka inali itadzaza, malendi akukwera, ndipo anthu a m'maofesi anayamba kuthamangira ku Chongwe, ku Kafue ndi ku Chisamba, kumene dzana lomweli kunkadya mbuzi. Ena ankagula malo atangowaona pa foni. Posakhalitsa Sydney anatulukira ndi galimoto, ndipo ankaiimika pa kiyosiki penipeni kuti amayi otunga madzi aione bwino. Lemmy ankamupatsa moni ndi mano okha, mumtima akuti mnyamatayu ali ndi kumene anapita kukatenga mankhwala. Umboni analibe, koma nsanje sidikira umboni.

M'chipinda chawo chija munali kanthu kamodzi kamene Ennie ankakasamala kuposa china chilichonse. Kwawo ku Katete, mchombo wa khanda ukauma n'kugwa amaukwirira pakhomo, kuti mwanayo akhale ndi kwawo. Ennie anakana kukwirira wa Tionge pabwalo la landilodi.

"Mailo bakatipisha, mwana wanga azasala mu yadi ya bene?" anatero, poganizira tsiku limene adzawathamangitse m'chipindacho. Anaumanga m'kansalu n'kuuika pansi m'chikwama, kudikira tsiku limene adzakhale ndi malo awoawo.

Kondakitala wina wa minibasi ndiye anauza Lemmy za sing'anga wa ku Marapodi, dzina lake Nkole. Lemmy anapitako masana, akuyembekeza kuona nyanga ndi michira. Anapeza mkulu waudongo, wovala magalasi, akumwa tiyi m'chipinda chosesedwa bwino. Udongo umenewo unamuopsa kuposa nyanga.

"Mufuna ndalama olo mufuna malo?" anafunsa Nkole.

"Vonse vibili, ba mudala."

"Nthaka siziba munthu wa lendi. Ifuna wake. Mulibe kanthu ku nyumba kamene kayembekeza nthaka?"

Nkole anayang'ana m'kapu yake n'kunena mofatsa, "Kali mu chola, pansi pa vitenge."

Lemmy anayankha msanga kuti, "Kaja ni ka mwana."

"Ine sinipaya mwana wa munthu, nimabweleka chabe. Muzakasakaniza mu simenti, muumbe bikoni imozi ya malire, muizike pa kona ya malo. Kuchoka apo nthaka ni mwana wanu, mwana wanu ni nthaka. Ogula bazabwela monga nyelele pa shuga. Koma vamene bazachita ku nthaka, naye azamvelako."

"Azadwala?"

"Pang'ono pang'ono. Mukaona kuti vakula, zulani bikoni, muiphwanye, kanthu kabwelele kuli amake. Mwana azapola, ndalama nazo zizayenda. Chiseko nachisiya chosegula, ba Lemmy. Bambili sibapitapo, koma ni chosegula."

"Nanga imwe nizakulipilani chani?"

"Palibe," anatero Nkole akumwetulira. "Ine nimadyela kwina."

Munthu wanzeru akanathawa atamva mawu amenewo, chifukwa sing'anga wokana malipiro amakhala atawaona kale. Koma Lemmy anangomva za nyerere ndi shuga. M'mawa mwake, Ennie ali pa malonda ake, anamasula kansalu kaja, anatenga mchombo, n'kuikamo kamuzu kouma. Anakamanga monga momwe anakapezera.

Mabikoni ndi timiyala ta simenti timene amazika m'makona a puloti posonyeza malire, ndipo kwa woumba mabuloko si ntchito. Lemmy anaumba ambiri m'chikombole chimodzi. Ya mchombo ija anaijambula kamtanda simenti ikadali yaiwisi, koma ataiyang'ana anayamba kukayika. Nanga Sydney akaona chizindikiro sadziwa? Nanga antchito sadzaiba n'kukamugulitsa? Anatenga chomangira chake n'kusalaza kamtandako, bikoniyo n'kufanana ndi anzake onse. Anadzitama kuti wachenjera.

Kuseri kwa Chongwe kunali mkulu wina, Kapembwa, amene anali ndi famu yoguga, yaminga yokhayokha, imene maejenti ena anailephera. Anavomera kuti Lemmy aidule mapuloti, azigawana zimene zapezeka. Lemmy anazika bikoni yake patsinde pa mtengo wa msekese, kuti aziizindikira ndi mtengowo. Sabata isanathe foni yake inayamba kulira ngati ya kampani. Anamwino, asilikali, aphunzitsi, ngakhale anthu okhala kunja kwa dziko, onse ankafuna kachidutswa ka minga ya Kapembwa. Chaka chisanathe banja linasamukira ku Matero, m'nyumba ya geti, ndipo Lemmy anagula galimoto yoposa ya Sydney.

Tsiku limene wogula woyamba anayamba kukumba maziko, Tionge anagwira pamimba n'kulira mpaka mawu kusasa. Madzulo anakhala bwino, ndipo Lemmy anati ndi njoka za m'mimba. Pomusambitsa, Ennie anapeza dothi lofiira pakati pa zala za kumapazi, chonsecho bwalo lawo la ku Matero linali la simenti lonse. Anamutsuka, mawa lake dothi linalimo.

Ogula atayamba kugwetsa mitengo, tsitsi la mwana linayamba kutsalira m'chipeso. Galimoto yoboola zitsime itafika ku Chongwe, Tionge anagwira mutu, magazi n'kutsika m'mphuno. Mipanda ya mabuloko itayamba kukwera, mpweya unayamba kumuperewera, ndipo kuseka kuja kunatha. Ku kiliniki anamuyeza zonse osapeza kanthu. A kutchalitchi anabwera kudzapemphera, anamwa tiyi, napita.

Lemmy ankamukonda mwana wake, tisamunamizire. Ankamugulira zidole ndi mayogati, ndipo akamuona atagona mtima unkamuwawa. Koma nthawi zonse pankakhala mzere umodzi wa mapuloti wotsala. Ankadziuza kuti ukangotha umenewo akazula bikoni, ndipo ukatha ankapeza wina. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

"Bashi Tionge," anatero Ennie kwa mwamuna wake tsiku lina ali pakhonde, "nichani foni yanu ikalila na kasitoma, mwana adwala?"

"Wayamba kumvela va bazimai ba pa kiyosiki, ai? Nindani akuuza ivo?"

"Palibe aniuza. Nili na menso."

Kuyambira pamenepo Lemmy anayamba kuopa maso a mkazi wake. Foni ankayankhira m'galimoto. Ennie akapita kumsika, iye ankaganiza kuti wapita kwa Sydney. Antchito ake ankawasintha mwezi ndi mwezi kuti pasakhale wodziwa zambiri, ndipo mapeto ake panalibe wodziwa chilichonse.

Malo a Kapembwa atatsala pang'ono kutha, Lemmy anachita zimene maejenti adyera amachita. Analamula kuti mabikoni azulidwe n'kusunthidwa pang'onopang'ono, misewu ichepe, kuti pakati pa mapuloti akale pabadwe atsopano. Antchito anazula, anaunjika m'lole, anazikanso, ndipo otsala anapita nawo ku malo ena amene Lemmy anapeza ku Kafue. Iye anawauza kuti pamsekese asakhudze, osanena chifukwa. Koma amene anauzidwawo anawachotsa ntchito asanamalize, obwera m'malo mwawo sanauzidwe kanthu, ndipo msekese uja wootcha makala anali ataugwetsa.

Tionge atafooka kwambiri, Ennie anakumbukira mwambo wa kwawo. Mwina mwanayu akudwala chifukwa alibe kwawo, anaganiza motero, ndipo tsopano malo analipo. Anatsegula chikwama, anamasula kansalu, n'kupeza kamuzu. Anadikira mwamuna wake pageti n'kumuikira kamuzuko m'dzanja.

"Munamuika kuti?"

Lemmy anayesa kukalipa, koma sizinathandize. Ananena zonse ali chiimire.

"Kamutengeni mwana wanga kwamene munamuika," anatero Ennie. "Galimoto, nyumba, vonse viyende. Nifuna mwana."

Lemmy anathamangitsa galimoto mpaka ku Chongwe, nyundo ili pampando. Anali atatenga nthawi osafikako, poti ndalama zinkamupeza pa foni. Anapeza tauni. Pamene panali minga panali nyumba za malata obiriwira, mashopu, sukulu ya ana aang'ono, tchalitchi ndi malo ogona alendo. Anazungulira kufuna msekese, sanapeze ngakhale chitsa. Mabikoni ena anali atamangidwira m'mipanda, ena atakwiririka pansi pa mabwalo a simenti, ndipo amene ankaoneka onse anali nkhope imodzi, ntchito ya manja ake.

Anaimbira Nkole. "Ba mudala, bikoni ija ili pati? Niuzeni chabe, nizakupasani vonse."

"Munaumba ndimwe, ba Lemmy. Ine simenti sininaigwilepo." Foni inaduka, ndipo sinalowenso.

Pamenepo maganizo ake anathamangira kwa Sydney, amene naye anali ndi ofesi yaing'ono m'tauniyo. Anamugwira pakhosi pa malaya oyera aja. "Ndiwe unaiba bikoni yanga. Unafuna mankhwala yanga yaonjezele pali yako."

Sydney anamuyang'ana modabwa. "Mankhwala yabwanji, iwe? Banthu bafuna pogona chabe. Masiku yano olo imbwa ingagulise puloti ku Chongwe."

Mawu amenewo anamulasa Lemmy kuposa chibakera, koma analibe nthawi yowaganizira. Anayamba kuzula ndi kuphwanya bikoni iliyonse imene anaiona, n'kumafufuza m'zidutswa ndi zala. Eni nyumba anatuluka, poti wosuntha malire ndi mdani wa aliyense. Anamumenya, anamupereka kupolisi, ndipo atatuluka anabwereranso ndi nyundo ina.

M'mawa wina, kumapeto kwa famu ija, lole yosakaniza konkire inafika kudzathira pansi pa mashopu atsopano. Nthawi yomweyo ku Matero Tionge anatsegula maso n'kuti, "Amama, chanilemela pa chifuba." Ennie anamunyamula, anamutembenuza, anamupepesa. Konkire isanaume mwana anali atapita.

Bambo amene anadulira anthu ambirimbiri malo anachita kupempha kamalo kokwanira bokosi laling'ono kumanda a boma. Maliro atatha Ennie anakwera basi ya ku Katete, osatenga ngakhale supuni ya m'nyumba ija. Chuma nacho sichinachedwe. Anthu amene mapuloti awo anachepetsedwa anamusumira, ana a Kapembwa anabwera ndi milandu yawo, galimoto ndi nyumba zinapita. Lemmy sanadandaule nazo, chifukwa mutu unali utasokonekera kale.

Mpaka lero mukapita ku Chongwe mungakumane naye, munthu wa nsanza zotuwa ndi simenti, nyundo ili paphewa. Akaona bikoni amagwada, amaika khutu, amaitana dzina la mwana wake motsitsa mawu, kenako amaphwanya. Anthu a kumeneko anazolowera, ndipo amene akumanga kumene amathira konkire yambiri pamwamba pa mabikoni awo kuti wamisalayo asawazule.

Inu amene mumaona mnzanu akutukuka n'kuyamba kufunsa kumene anapita, mverani. Chuma chili m'nthaka, zimenezo n'zoona, koma chimafuna thukuta ndi kudekha. Chuma cha mankhwala chimadya chimene umachikonda kwambiri, ndipo chimadya pang'onopang'ono kuti uzolowere. Sing'anga sanamutsekere Lemmy chitseko. Dyera lake ndi limene linkamuuza tsiku ndi tsiku kuti akatuluke mawa, mpaka mwana anatha.