Atelala Khumi ndi Awiri

Singano anangokhala kapitawo wa atelala Lolemba, koma pofika Lachitatu m'mawa anali kale m'mavuto. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha kuwonda.

Abwana anamuitanira mu ofesi. Pakhomo panali amuna awiri ofuna ntchito, aliyense sizasi yake m'thumba.

"Sukulu ina ikufuna mayunifomu," anatero abwana. "Ndisanavomere, ndiuze: a tsiku lonse alipo angati? Oweruka masana, awiri uwawerenge ngati mmodzi."

Singano ankadziwa yankho. Asanu ndi atatu ankasoka mpaka madzulo. Amayi anayi ankaweruka masana. Onse pamodzi, khumi. Koma kunkamveka mphekesera zoti a theka la tsiku achotsedwa, ndipo mmodzi wa iwo anali azakhali ake, amene ankathamangira kunyumba kukadyetsa amuna awo ofa ziwalo.

"Khumi ndi awiri, bwana. Onse ndi a tsiku lonse."

"Ndiye takwana." Abwana anaimba foni n'kuvomera ntchito yonse. Kenako anauza amuna aja kuti malo palibe.

Makina analira m'mawa wonse. Singano ankangoponya maso pa wotchi ya pakhoma. Itakwana 12 koloko, azakhali anavundikira makina awo n'kunyamula chikwama. Anzawo atatu aja anachitanso chimodzimodzi. Abwana anali ataima pakati pa matebulo, mpukutu wa nsalu paphewa.

"Amayi, ulendo wa kuti? Kapena kunja kwayamba kuda msanga masiku ano?"

Wina anaseka, n'kusiya msanga.

"Ndaweruka, bwana, monga mwa masiku onse," anayankha azakhali.

"Kapitawo wanu akuti nonse ndinu a tsiku lonse. Amene atuluke pano asabwerenso."

Azakhali anatembenuka n'kumuyang'ana Singano. Anaika chikwama pansi, n'kukhalanso pampando pang'onopang'ono. Singano anaganiza za bambo aja ali gone pamphasa, maso kukhomo, kapu ya madzi ili poti sangaifikire.

"Ndi khumi, bwana," anatero Singano. "Anayiwa amaweruka masana. Ndimaopa kuti muwachotsa."

"Kuwachotsa? Iwe mwana, ndimafuna kudziwa ngati ndiwonjezere anthu! Ukanati khumi, awiri aja bwenzi akusoka pano. Ntchito ndavomera kale. Aisoke ndani?"

Abwana anatula pansi mpukutu wa nsalu uja.

"Pitani, amayi," anatero abwana. "Iwe, kawafune anthu aja."

Singano anathamanga mpaka pokwerera mabasi. Anapezapo mmodzi yekha. Winayo anali atapita.

Atabwerera, abwana anamulozera makina a azakhali ake.

"Wolowa m'malo mwa munthu wosowayo ndiwe. Ukapitawo tidzakambirana mayunifomu akatha."

Singano anavundukula makinawo. Mpando unali udakali wofunda. Anaika phazi pachopondera, n'kukoka kolala yoyamba pa mulu umene unkamufika m'chibwano.