Loyce Anafuula, Anthu Anawomba M'manja

Enos Jere atakwatira Loyce NyaTembo, mudzi wawo wa kufupi ndi Embangweni unavina ingoma masiku awiri. Enos ankanyadira mkazi wake moti ngakhale kumtsinje ankamuperekeza. Koma abale anga, chikondi cholondera munthu chotere sichichedwa kusasa.

Enos atapita ku Boma la Mzimba kukasenza katundu wa azungu, mphunzitsi wa m'mudzimo, Fanuel, anayambitsa chachilendo: sewero lodzudzula amuna omenya akazi. Anakana kuveka mnyamata nsalu kuti akhale mkazi, ati anthu amve kulira kwa mayi weniweni. Loyce anavomera, poti mkulu wake anagontha khutu ndi makofi a mwamuna.

Tsoka lake, pokonzekera seweroli ankakhala pamphasa imodzi ndi Fanuel, n'kumugwadira pomupatsa madzi. Kumeneko mkazi sakhala mphasa imodzi ndi mwamuna amene si wake. Amayi a kuchitsime anaithira mchere nkhaniyo, ndipo Enos pobwera anaipeza ili m'kamwam'kamwa.

"NyaTembo, ng'ombe za bambo anga zija zinalowolera mphunzitsi?"

"Ndapota, a Jere, n'zongoyerekeza. Mubwere mudzaone nokha."

"Maondo ako amagwada moyerekeza? Mbwenu ndibwera."

Loyce mtima unakhala pansi, poganiza kuti mwamuna wake akaona amvetsa. Kalanga ine, nsanje simvetsa kanthu!

Loweruka masana anthu anadzaza bwalo la sukulu. Poti sanaonepo sewero, Fanuel anawachenjeza: "Chilichonse chimene muone, musadzuke. Akalira, si zenizeni."

Sewero linayamba. Fanuel anakwapula Loyce ndi phesi la chimanga, Loyce n'kulira, anthu n'kuseka. Kenako Enos anatulukira kuseri kwa sukulu, chibonga chili m'manja. Kumenya koyamba, Fanuel anagwa chikomokere. Loyce anathawira kwa anthu, koma Enos anamukoka nsalu, n'kuyamba kumumenya ndi chibonga chija. Loyce anaona apongozi ake atakhala kutsogolo, anaona anzake otunga nawo madzi, onse maso ali pa iye.

"Ndithandizeni! Si sewero ili! Amama, akundipha!"

Anthu anawomba m'manja. Wina anafuula kuti, "Akutha chomene NyaTembo!" Mmene anthuwo ankadzuka n'kuti magazi atanyowetsa fumbi, Loyce atasiya kulira.

Mlandu unazengedwa ku Boma. Woweruza wachizungu anafunsa kudzera mwa womasulira kuti pabwalopo panali anthu angati.

"Oposa zana, bwana," anayankha Fanuel, mutu uli wokulunga nsanza.

"Palibe ndi mmodzi yemwe anaimirira?"

Enos analamulidwa kukanyongedwa ku Zomba, ndipo anatuluka akulira dzina la mkazi amene anamupha yekha.

Ife timati anthu aja anasokonezeka ndi sewero. Bodza! M'mudzimo mkazi ankalira m'nyumba mwa mwamuna wake chaka ndi chaka, popanda mphunzitsi wouza anthu kuti akhale pansi, ndipo anthuwo ankakhalabe pansi.