Wokwera wa Pamlatho

Chimene make Kambuzi anayamba kuona chinali chaching'ono. Usiku uliwonse takisi ya mwamuna wake inkaima pamlatho wakale, pamalo opanda nyumba, popanda munthu woiimitsa.

Takisiyo kale ankasinthana anthu awiri: mchimwene wake wa mayiyu masana, mwamuna wake usiku. Tsiku lina m'mawa bambo wina wa panjinga anapezeka atafa m'ngalande pafupi ndi mlathowo, ndipo nyali yakumanzere ya takisi inali yophwanyika. Mwamunayo anauza apolisi kuti galimoto anailandira ili choncho. Mchimweneyo analumbira mpaka mawu kusasa, koma apolisi anamutenga. Tsopano unali mwezi wachitatu ali pa rimandi.

"Ine sindifuna kudzanamiziridwa," anatero mwamunayo patangotha sabata mlamu wake atamangidwa. "Bweretsa foni yako, izijambula msewu."

Anagula kopanira foni, nakamata pagalasi lakutsogolo. Foni inkayang'ana kunja, m'galimoto simunkaoneka. Iye ankayesa kuti foni ili ndi maso okha, osadziwa kuti ilinso ndi makutu. Poti inkadzadza msanga, ntchito yofufuta makanema anaisiyira mkazi wake. Akafika mbandakucha ankaiponya pabedi n'kugona ndi nsapato, ndipo mayiyu, Kambuzi ali kubere, ankaika kahedifoni khutu limodzi n'kumaonera.

Poyamba munalibe kanthu. Msewu wakuda, mzere woyera wofufutika, tizilombo tikuwombana ndi kuwala kwa nyali. Kenako zitsulo za mlatho, buleki kulira, galimoto n'kuima. Injini inkangonjenjemera. Kupuma kwa mwamuna wake kunkamveka ngati kwa munthu wosenza katundu wolemera. Pakatha mphindi zitatu, galimoto inkanyamuka.

Usiku wachinayi kunamveka china. Galimoto itaima, kabelu kaja kanayamba kulira, kamene kamalira munthu akakhala pampando wakutsogolo osamanga lamba. Make Kambuzi ankakadziwa bwino, poti kankamulirira iyeyo akakwera ndi mwana pamiyendo. Anabweza kanema kawiri, khutu lili tcheru. Chitseko sichinatseguke. Koma kabeluko kanalira njira yonse mpaka m'tauni, mwamunayo akukweza wailesi kuti akakwirire.

"Abambo ake, pamlatho paja mumaimiranji?" anafunsa masana akumuikira madzi osamba.

"Ndinati uzifufuta kapena uzionera filimu? Injini imatentha."

"Imatenthera pamalo amodzi masiku onse?"

"Sukulu unasiyira panjira, lero wasanduka makanika?"

Mayiyu anangotola beseni. Sukulu anaisiyadi, ndipo amene anamusiyitsa ndi yemwe ankafunsayo.

Pampopi amayi ankanong'ona. Ena ankati madalaivala ayamba kuzungulira njira yaitali kuopa mlathowo. Mkazi wa mlonda wa pa fakitale anati mwamuna wake amamva tcheni cha njinga chikuzungulira mumdima, koma akaunika tochi amangoona udzu. Ena ankaseka, amvekere ndi mbava zimenezo, zikufuna anthu aziopa. Make Kambuzi akafika ndi ndowa, nkhani inkasintha.

Anayamba kumasuzumira m'galimoto m'mawa uliwonse. Mpando wakumanzere unali wokankhidwira kumbuyo, ngati pakhala munthu wamiyendo italiitali. Iye ankaukokera kutsogolo. Mawa lake ankaupeza wabwereranso. Mwamuna wake naye ankatha ngati sopo. Lamba wa buluku anaboola bowo lina, chakudya ankangochitembenuza ndi supuni, ndipo akagona ankakukuta mano mpaka mwana kudzidzimuka.

Loweruka anapita kundende kukaona mchimwene wake. Anamupeza atametedwa mpala, milomo itang'ambika, akuyesa kumwetulira kuseri kwa waya.

"Kambuzi wayamba kukwawa?"

"Wayamba, achimwene."

"Adzandithawatu ameneyo. Nanga alamu? Akukusamala?"

"Ali bwino."

"Usamawavute, mlongo wanga. Akugwira ntchito ya anthu awiri."

Mayiyu anatsanzika n'kutuluka pachipata.

Usiku umenewo kunagwa mvula. Mwamunayo anafika mochedwa kuposa kale, naponya foni, nagona chafufumimba. Magetsi anali atazima. M'chipinda munkangomveka madzi akudontha m'chidebe pakona ndi kakhosi ka mwana kakumeza. Make Kambuzi anathamangitsa kanema mpaka zitsulo za mlatho zitaoneka.

Mawaipa ankapita uku ndi uku, akukwecha galasi. Galimoto inaima. Kabelu kanayamba. Ulendo uno wailesi sinayatsidwe, ndipo patapita nthawi kunamveka mawu a mwamuna wake, otsika, onjenjemera, aulemu umene mkaziyo anali asanaumvepo m'nyumba mwake.

"Bambo, ndikupepeseni kangati? Munalibe nyali inu. Sindinakuoneni. Wina ali kale m'ndende chifukwa cha inu. Simukukhutirabe?"

Zala za mwamunayo zinkagogoda pachiwongolero, manja onse awiri, mofulumira ngati mvula padenga. Zikugogoda choncho, kumanzere kunamveka lamba akukokedwa pang'onopang'ono, utali wake wonse, mpaka chitsulo chinalowa m'malo mwake. Kabelu kanasiya. Mwamunayo analira kamodzi ngati galu wopondedwa, galimoto n'kunyamuka.

Make Kambuzi anakhala mumdimamo bere lili pamtunda, mwana atagona kalekale. Za amene anamanga lambayo sanafune kuziganiza. Ankaganiza za miyezi itatu imene wakhala akuchapira munthu uyu malaya, kumufunditsa akazizidwa, mchimwene wake akugona pasimenti.

Kutacha anabereka mwana, foni anailowetsa m'kati mwa bulauzi. Akutsegula chitseko anamva bedi likulira kumbuyo kwake.

"Ukupita kuti m'mawa muno?"

"Kusikelo ya mwana."

"Lamulungu?"

Mwamunayo anadzuka, maso ali psuu, nayang'ana pabedi pamene anaponya foni, kenako nayang'ana pachifuwa pa mkazi wake.

"Kunja kuli matope. Tiye ndikakusiye."

"Galimoto yanu ili ndi mwini mpando. Ife tiyenda pansi."

Chipatala chinali kumtunda, polisi kumunsi. Make Kambuzi analowera kumunsi, msana ukuyembekeza kumva mapazi akumuthamangira. Sanabwere. Mwamunayo anangoima pakhomo atagwira felemu, ndipo mawu ake anamupeza atafika kale pampanda.

"Make mwana, ukawauze asachedwe. Abwere kusanade."

Mayiyu anakweza mwana kumsana, namanga nsalu kolimba, osacheuka.